Bambo Ako Akabwera

Mawu akuti "akabwera" ndinabisalamo zaka zambiri osadziwa kuti ndikubisala. Bambo ako akabwera tidzakhoma malata. Bambo ako akabwera tidzapita kwathu ku Zomba. Mwamuna wanga, wa ku Wenya, anapita ku Joni mwana wathu wamkazi akadali kupulayimale. Poyamba ankaimba foni Lamlungu lililonse, kenako mwa apo ndi apo. Kenako nambala ija inayamba kungondiuza kuti ndiyesenso nthawi ina.

Ine kuno ku Chitipa ndinabwera chifukwa cha banja. Ndili ndi kaokala ka zitenje pa Boma, moyang'anana ndi pomwe amatsitsira anthu ochokera ku Karonga. Amene anandisankhira malo amenewo sanandifunire zabwino. Minibasi ikangoima ndinkasiya kasitomala tili mkati monenerera mtengo, n'kumasuzumira otsika mmodzimmodzi. Azimayi anzanga ankandiseka kuti ndidzathyoka khosi.

Mwana uja atafika Fomu 3 ankati akaweruka amadzakhala pa belo kuseri kwa okala, n'kumaloweza Chingerezi mokweza. Ine sukulu ndinalekeza Fomu 2, ndiye ndinkatolako pang'ono. Tsiku lina anandifotokozera kuti aphunzitsi awapatsa ntchito yolumikiza mawu oonetsa mwini chinthu ndi mawu onena za nthawi. Anati m'Chingerezi mwini ndiye amatsogola, "my father's bag", bambo patsogolo, chikwama pambuyo, pakati kachizindikiro kolendewera ngati mbedza. Ndinamuyankha kuti azungu amalankhula ngati a pa bodala, amayamba afunsa mwini katundu asanamasule thumba. Tinaseka.

Kenako anayamba kundiputa. "When my father's bus arrives, my mother's customers will suffer." Ndinamva bwinobwino kuti akunena kuti basi ya bambo ake ikafika makasitomala anga adzaona zakuda, ndipo ndinamugenda ndi chitenje. Iye sanaseke. Anati aphunzitsi awauza kuti "when" ndi wa chinthu chimene ukudziwa kuti chichitika ndithu, koma "if" ndi wa chinthu chokayikitsa.

"Amayi, inu mukamati akabwera, ndi when kapena if?"

Ndinamukalipira kuti Chichewa chilibe zopusa zimenezo, akabwera ndi akabwera basi. Atalimbikira ndinati ndi "when", n'kumutuma kuti akagule tomato.

Kuyambira tsiku limenelo mtima sunakhalenso m'malo. Ndinkapinda zitenje zopinda kale. Ndinkadzuka pampando, kufika pampopi, kubwerako opanda madzi. Chilichonse chimene ndanena ndinkachiyesa pa sikelo ya aphunzitsi aja. Kukacha, ameneyo ndi "when". Ndikadzafa, "when" ndithu. Katundu wanga akadutsa pa bodala, "if". Ndikafika pa mwamuna wanga mutu unkangoima. Ndinakwiya ndi aphunzitsi amene sindinawaonepo nkhope, ndinakwiyanso ndi chilankhulo cha eni ake chobwera kudzandifunsa mafunso pa okala yanga.

Loweruka ndinatseka okala, n'kukwera njinga yamoto kupita ku Wenya kwa apongozi anga aakazi. Ndinafika fumbi lili m'nsidze. Anandilandira bwino, monire monire wambiri, n'kundikazingira mtedza. Titacheza za mbewu ndi za maliro ndinafunsa ngati amvako chilichonse za mwamuna wanga. Anayang'ana kumbali. Anati mwana wawoyo ali bwino, anaimbira mchimwene wake pa Khirisimasi, ndipo sikanali koyamba. Ndinafunsa ngati anatifunsako ife. Anayamba kusenda mtedza wosenda kale.

"Wazamwiza, mwana wane," anatero m'Chitumbuka chawo. "Adzabwera. Mwamuna sataya kwawo."

Kwawo sataya, zoona. Ndinabwerera ndili ndi manyazi osaneneka, chifukwa zaka zonsezo ndinkamupempherera ngati munthu wodwala kapena womangidwa, pomwe iye foni anali nayo m'thumba.

Mwana sindinamuuze. Ndinatha sabata ndikumuzemba m'nyumba yanga yomwe. Akalowa kuchipinda ine ndinkatulukira kukhonde, akabwera kukhonde ndinkakumbukira kuti mchere watha. Koma mayeso anali pafupi, ndipo madzulo ena ndikuchapa ndinamumva akuloweza pawindo.

"After my mother's husband left, our house became quiet."

Mwamuna wa amayi anga. Ndinasiya zochapa, thovu lili m'manja. Ndinamuuza kuti munthu ameneyo ndi bambo ake, asamamutchule ngati mlendo. Anandiyankha mofatsa kuti chiganizocho chilibe cholakwa, mwini ali pamalo pake, nthawi ili pamalo pake, ndipo aphunzitsi anachonga. Dzanja linandiyabwa, sindinama. Koma ndinaona kuti wakula, wandiposa msinkhu.

Ndinakhala pansi pakhomo pomwepo. Ndinamuuza za ku Wenya, za foni ya pa Khirisimasi, zonse, osakometsera.

"Funso lako lija," ndinatero, "ndinakunamiza. Ndi if."

Ndinkaganiza kuti alira. Anatseka buku, n'kubwera kudzakhala pambali panga, n'kundipukuta thovu lija m'manja ndi diresi yake.

"Ine bambo ndinasiya kalekale kuwadikira," anatero. "Ndimadikira inu."