Tsiku Limene Tinapempha Wakuba Atitsegulire Nyumba

Nyumba ya ambuya ku Kanyama inali ya zipinda ziwiri, koma kulowamo kunali ntchito. Mawindo onse anali ndi zitsulo. Pakhomo panali chitseko chamatabwa, kunja kwake chitseko china chachitsulo cha mipatamipata, ndipo patsogolo pa zonsezi panali kakhoma ka mabuloko kotsekereza madzi. Katundu amene ankatetezedwa chonchi anali bedi, tebulo, mbaula, mapoto ndi wailesi imene inkalankhula pokhapokha ukaimenya kumsana.

Ndinabwera kwa ambuya, amayi a mayi anga, ndili kamtsikana kakang'ono, makolo anga onse atamwalira. Sindinkalankhula kawirikawiri. Anthu akaona kuti sulankhula amaganiza kuti suonanso, ndiye amachita zinthu zawo pamaso pako ngati kuti ndiwe mpando. Ndi mmene ndinaonera masana ena mnyamata wa kuseri kwa tchalitchi chathu akutsegula loko wa mayi woyandikana nafe ndi kawaya ka ambulera. Analowa, natuluka atapanira simbi kukhwapa, nabwezera lokoyo bwinobwino. Atandiona pansi pa mtengo wa gwafa anandipatsa moni.

Ndinauza ambuya okha. Iwo anandigwira dzanja mwamphamvu.

"Wamuuza ndani wina?"

Ndinapukusa mutu.

"Utseke pakamwa. Anthu akamva, adzamumenya mpaka kufa. Amake ndimakhala nawo benchi imodzi kutchalitchi."

Sabata yomweyo anapita kumashopu a ku Kamwala n'kubwera ndi loko wamkulu ngati chibakera cha mwamuna. Lokoyo anabwera ndi makiyi ake pa kamphete. Ambuya anachotsapo mmodzi, n'kumumanga pa ngodya ya chitenje chawo. Otsalawo anakawaponya m'chimbudzi, ine ndikuona.

"Kiyi wachiwiri ndi kiyi wa kawalala," anatero, kutanthauza wakuba, akusasa manja.

Za madzi nazo zinali ndi mbiri yake. Kanyama yakhala pa mwala, ndiye mvula ikagwa madzi alibe kolowera. Aliyense ankathira zidutswa za mabuloko ndi dothi pabwalo pake kuti madzi apite kwa mnzake. Mnzakeyo nayenso ankathira zake. Chaka ndi chaka mabwalo ankakwera, msewu unkakwera, ndipo nyumba yathu inkatsikira pansi osasuntha. Yankho la ambuya linali kuwonjezera mzere wina wa mabuloko pa kakhoma ka pakhomo. Kanafika poti ambuya, ndi maondo awo otupawo, ankayamba akhala pa kakhomako, n'kunyamula mwendo umodzi ndi manja awiri kuuika kunja, n'kubwerera kukatenga winawo.

M'dera mwathu munali gulu la amuna olondera. Wapampando wake, amene tonse tinkawatchula kuti ba tcheya, anali bambo amene anagwirapo ulonda ku mafakitale, ndipo anapuma ntchito koma yunifolomu sanaipumitse. Ankayenda ndi wezulo m'khosi. Mvula isanayambe ankazungulira nyumba ndi nyumba kuona amene wakonzeka, ndipo akafika kwathu ankaitana anthu odutsa m'njira.

"Bwerani muone nyumba! Kawalala sangangene, manzi sangangene. Ambuya, imwe muyenera kuphunzisa boma."

Ambuya ankaseka ali kuseri kwa zitsulo zawo.

Chaka chimene ndikunenachi ndinali nditasiya sukulu, ndikugwira ntchito yolongedza mbale zapulasitiki mu shopu ina ku Kamwala. Ndikachoka m'mawa, ambuya ankadzitsekera m'kati, ndipo ndikabwera ankanditsegulira. Tsikulo mvula inayamba ndisanakwere basi, ndipo sinaleke. Masana mwini shopu anatiuza kuti tizipita. Basi inatitsitsa kutali, pamene msewu unathera n'kuyamba mtsinje. Ndinavula nsapato n'kuyamba kuyenda m'madzi ofiirira, momwe munkayandama mabotolo, zisononkho za chimanga ndi zina za m'zimbudzi zimene munthu sufuna kuziyang'anitsitsa.

Ndili patali ndinamva wezulo. Nditakhota pa ngodya ndinapeza khamu la anthu pakhomo pathu.

Kakhoma kanali katagwira ntchito yake. Palibe dontho la mumsewu limene linalowa. Madzi anatulukira pansi, m'ming'alu ya simenti, ngati kasupe. Ndipo chifukwa nyumba yathu inali yotsika kuposa bwalo, kunja madzi ankalekeza m'akakolo pamene m'kati anali atapitirira m'maondo. Chitseko chamatabwa chinali chotsegula, ndiye kudzera m'mipata ya chachitsulocho aliyense ankatha kuwaona ambuya. Anali atakhala pamwamba pa tebulo, thumba la ufa lili pamiyendo, mapoto akuyandama mowazungulira.

"Ambuya, kiyi?" ndinafunsa.

"Wagwa."

Anali atammasula pa chitenje kuti atsegule, koma zala zinali zitauma ndi kuzizira, kiyi n'kupita m'madzi. Anafufuza ndi zala za kumapazi mpaka maondo atakana, ndiye anakwera tebulo. Mmene anakwerera sindikudziwa mpaka lero. Milomo yawo inali itatuwa, ndipo thumba la ufa linkanjenjemera pamiyendo pawo. Ndinayang'ana mwendo wa tebulo. Panali kamsomali kamene ndinkakolekapo tawulo, ndipo madzi anali atangotsala pang'ono kukagwira. Nditayang'ananso patapita kanthawi, kamsomaliko sikanalinso kuoneka.

Anthu anali atayesa kale zambiri. Bambo wowotcherera zitsulo, amene anatiikira zitsulo zonsezi, anali pomwepo manja ali m'chiuno. Magetsi kunalibe, ndiye makina awo odulira anali chete.

"Ba welda, chitanikoni chinthu!" mayi wina anakuwa.

"Mayo, ivi visulo n'naika neka," anayankha monyadira. "Sivichoka. Olo ine mwine wake siningavichose."

Ba welda anayesa hamala, koma loko anali m'kati ndipo hamalayo inkangomenya zitsulo. Ba tcheya anabweretsa maginito a sipika yakale, anawamanga ku chingwe, nayamba kuwedza kiyi kudzera m'mipata. Anagwira misomali, supuni ndi lumo limene linasowa chaka chapitacho. Chilichonse chikatuluka anthu ankakuwa, kenako n'kuusa moyo. Abusa a tchalitchi chatsopano cha pa ngodya anagwira lokoyo ndi dzanja limodzi, lina kumwamba, n'kumulamula kuti atseguke. Loko anakhala chete.

Ndinayang'ana ambuya, iwo nayang'ana ine. Anangoloza ndi mlomo chakutchalitchi.

Ndinam'peza mnyamata uja pamphambano, pamene madzi ankathamanga kwambiri. Masiku amvula ntchito yake inali yobereka anthu ovala bwino kuwaolotsa msewu. Anali atangotsitsa bambo wina wataye.

"Tiyeni mukatisegulire loko," ndinatero.

"Nine welda ine?"

"Muli na waya wa ambulera."

Anayang'ana uku ndi uku, kenako anandiyang'ana ngati kuti khoma lalankhula.

"Iwe, ufuna banipaye? Ba tcheya bali kuja. Banisakila kuchokera kale baja."

"Ambuya baziba kuchokera siku ya simbi," ndinatero. "Sibanauzeko munthu. Manje bali pa tebulo, manzi yakwera."

Mawu amenewo mwina anali ambiri kuposa onse amene ndinalankhula mwezi umenewo. Iye anatukwana chapansipansi, anapukuta nkhope ndi chipewa, n'kunditsatira.

Titafika, anthu anapatuka. Ba tcheya analavula wezulo m'kamwa.

"Uyu afuna chani pano?"

"Nabwera chabe kuona," anatero mnyamatayo. "Ine vama loko siniviziba, ba tcheya. N'napulumuka ine. Funsani ba pasita."

"Kwanga sunabwereko," anatero abusa.

"Ku branchi ina."

Anagwada pa kakhoma, analowetsa manja m'mipata n'kuyamba kumusisita lokoyo, kumutembenuza, kumugwedeza ngati munthu amene akuona loko koyamba. Waya sanautulutse. Sakanatha. Amuna onse olondera anali atamuzungulira, mitu ili pa mapewa ake, ndipo kumbuyo kwawo kunali mayi uja wa simbi, ndi ena ambiri amene anabedwapo zinthu loko ali chitsekere. Akanangotsegula, aliyense akanakumbukira chake. M'kati poto wina anagunda tebulo. Madzi anali atayamba kunyambita mapazi a ambuya.

Apo ndi pamene ambuya anakweza mawu.

"Ba tcheya!"

"Ambuya?"

"Chitenje changa chanyowa, ndikumva kuzizira. Ndikuvula. Ndikuvula zonse."

Ndipo anaika dzanja pa mfundo ya m'chiuno.

Sindinaonepo anthu akutembenuka msanga chotero. Palibe mwamuna kapena mkazi wa ku Kanyama amene akanafuna kuti adzanenedwe kuti anaona thupi la gogo. Ba welda anaphimba maso ndi hamala. Abusa anatembenuka dzanja lidakali m'mwamba. Ba tcheya anaimba wezulo mwamphamvu.

"Bonse yang'anani ku msewu! Iwe mwana, ku msewu! Wamene azacheuka azaniona!"

"Nanga uyu?" wina anafunsa, akunena mnyamatayo.

"Uyu ni mwana wanga, atseka maso," anatero ambuya. "Mdzukulu wanga amuyang'anira."

Khamu lonse linaima m'madzi, m'mvula, kuyang'ana msewu wopanda kanthu. Ine ndekha ndinaona. Waya unatuluka m'mphepete mwa chipewa, unalowa mu loko, ndipo ba tcheya asanamalize kukalipira mwana uja, loko wa ku Kamwala anali atayasama. Mnyamatayo anagwira chitseko kuti akoke.

"Dikira, chitsiru iwe," ananong'ona ambuya. "Wafulumira. Adzadabwa."

Choncho tinadikira. Loko ali chotsegula, ambuya akunjenjemera pa tebulo, madzi akukwera, ife tikudikira kuti nthawi ikwane yoti munthu wosadziwa maloko atsegule loko. Mnyamatayo anatola mwala n'kuyamba kumenya chitsulo chapambali kuti kumveke phokoso. Ankabuula. Ambuya ankanena mokweza kuti, "Musacheuke, sindinamalize!" Ine ndinkayang'ana milomo yawo, ndipo nditaona kuti mano ayamba kugundana, sindinafunse munthu. Ndinakoka chitsekocho.

"Chatseguka!" ndinakuwa.

Anthu anatembenuka n'kupeza ambuya atavala bwinobwino monga analili. Palibe amene anafunsa. Abusa anali atayamba kale kuthokoza kumwamba. Ba welda anati hamala yawo inali itamufooketsa kale lokoyo. Ba tcheya anati chofunika pa ngozi ndi bata, ndipo bata analibweretsa ndi iwo. Mayi wa simbi yekha ndi amene anamuyang'ana lokoyo nthawi yaitali, poti analibe bala ngakhale limodzi.

Ambuya anakana kutuluka ufa usanatuluke. Mnyamatayo analowa m'madzi ofika m'ntchafu, natulutsa thumbalo pamutu, nabwerera. Anawabereka ambuya kumsana monga ankaberekera anthu amataye, nakwera nawo kakhoma kaja. Ndinali pafupi, ndiye ndinamva zimene anamuuza kukhutu.

"Simbi ya mayi uja ibwerere."

"Iti simbi, ambuya?"

"Ndikutsina."

Tinakagona m'kalasi ya sukulu ina pamodzi ndi mabanja ena mpaka madzi ataphwa. Ambuya anadwala chifuwa, koma anachira. Titabwerera tinapeza matope mpaka pa bedi ndi chule m'mbaula. Kiyi ndinam'peza ndikukolopa, pansi pa tebulo penipeni pamene anakhala. Anali wamkuwa. Maginito a ba tcheya akanawedza mpaka Khirisimasi.

M'mawa wina mayi woyandikana nafe anapeza simbi pakhomo pake. Sinali yake. Yake inali yakale, yamakala, pamene iyi inali yamagetsi, yonyezimira, chingwe chake chokulungidwa bwino. Anabwera nayo kwathu kudzationetsa. Ambuya anaitembenuza, naibweza.

"Sitani zovala, mayi. Musafunse zambiri."

Sabata yomweyo tinamva kuti akazi a ba tcheya akufunafuna simbi yawo.

Ndinkaganiza kuti tsopano ambuya adulitsa kiyi wina. Nditawafunsa, anandiyang'ana ngati ndanena zopusa.

"Wachiwiri tili naye kale. Amakhala kuseri kwa tchalitchi."

Ndipo zinakhaladi choncho nyengo ziwiri kapena zitatu za mvula. Kukachita mitambo yakuda, mnyamata uja ankadutsa pakhomo pathu n'kufunsa ngati ambuya adzuka bwino, iwo n'kumupatsa mbatata yootcha kudzera m'zitsulo. Ba tcheya ankaona zimenezi n'kumatichenjeza kuti tikuweta njoka.

Kenako anakwatira, n'kusamukira ku Linda, kutali ndi Kanyama. Anabwera kudzatsazika atavala shati yosita bwino kwambiri. Atangokhota pa ngodya, ambuya anakhala pa kakhoma, anatulutsa mwendo umodzi, kenako winawo, n'kundiuza kuti nditenge ambulera. Tinapita kumsika kwa bambo wodula makiyi. Kiyi watsopanoyo anamumanga pa chingwe cha nsapato n'kundiveka m'khosi pomwepo, anthu akuona, ngakhale ndinali kale mtsikana wamkulu.

"Ukamutaya," anatero, "upita wekha ku Linda wapansi."