Munda Wauve wa a Lawali

Kwathu ku Gidan Kusu mlimi timamuyesa ndi ukhondo wa munda wake. Mvula ikamayandikira munda uzikhala mbee ngati bwalo la mzikiti, popanda chitsa ngakhale kachitsamba. Munthu wa munda wotere akamadutsa pamsika, anthu amamulonjera ataimirira. Wa munda wa zitsamba amalandira moni womwewo, koma anthu ali chikhalire, akutafuna mtedza wawo wa goro.

A Lawali anakhala zaka zambiri akulandira moni wa chikhalire.

Ali mnyamata anapita ku Kano, monga amachitira anyamata onse akwathu, kukagulitsa madzi a m'zigubu pangolo yokankha. Anakankha ngoloyo zaka khumi ndi ziwiri, n'kubwerako ndi wailesi, chipewa chopeta ndi msana wowawa. Wailesi inafa, chipewa chinadyedwa ndi chiswe, msana wokha ndiwo unakhala nawo mokhulupirika. Bambo awo anawasiyira munda wa kum'mawa kwa mudzi, kumene mphepo imafikira kaye isanalowe m'nyumba zathu. Unali mchenga wokhawokha. Ukafesa mchewere mvula yoyamba, mphepo inkakwirira mbande zonse, ufesenso, ikwirirenso. Chaka chabwino ankafesa katatu.

Nthawi ina kunabwera a bungwe lina pagalimoto yoyera, atanyamula mbande za bulugamu m'timatumba takuda, kuti tibzale tibweze chipululu kumene chinachokera. Tinabzala, tinaomba m'manja, tinajambulidwa. Mbuzi zinathokoza kwambiri. Chinapulumuka ndi chikwangwani chokha, chimene mpaka lero chikupereka mthunzi kwa nkhuku ziwiri.

Nzeru za a Lawali sizinabwere pagalimoto, zinachokera kumsana kuja. Chaka china msana utakaniratu, analephera kuswa mphanje mbali imodzi ya munda, n'kungofesa pakati pa zitsamba, manyazi ali tho. Mphepo inabwera monga mwa chizolowezi. Mbali yoyera inakwiririka, koma mbali yauve mchewere unaima chilili. A Lawali anagwada, n'kufukula mchenga, n'kupeza kuti zitsa za mitengo imene agogo athu anadula kalekale zikali zamoyo pansi, ndipo chaka chilichonse zimayesa kuphuka, ife n'kumazidula pofuna kulonjeredwa bwino.

Kuyambira pamenepo, pachitsa chilichonse ankasankha mphukira ziwiri kapena zitatu zowongoka, zinazo n'kudula, nthambi za m'munsi n'kusadza. Ena amaika chuma chawo m'nkhosa, ena m'njinga yamoto. A Lawali anaika zaka zisanu ndi dzina lawo labwino m'zitsamba. Misangu yawo inapitirira msinkhu wa munthu, yonenepa ngati mpini wa khasu, ndipo mzere wa kum'mawa, umene ankaukonda koposa, unkatchinga mphepo moti anayamba kufesa kamodzi kokha.

Akazi awo, a Rabi, poyamba ankadandaula.

"Maigida, amuna anga, kuchitsime akuti m'munda mwanu mukuweta afisi."

"Muwauze abwere adzagule mmodzi."

Koma a Rabi atasiya kuyenda theka la tsiku kofuna nkhuni, anasiyanso kubweretsa nkhani za kuchitsime.

Amene sanasiye anali a Shaibu, msuweni wawo. Kwathu asuweni ali ndi ufulu wonyozana mpaka kumanda, ndipo a Shaibu ufuluwo ankaudya ndi manja awiri. Pazaka makumi asanu sananenepo mawu amodzi oona okhudza a Lawali. Anakalengezapo pamsika wa ku Tessaoua kuti a Lawali amwalira, anthu n'kubwera kudzapepesa maliro, n'kupeza malirowo akumwa fura, chakumwa chathu cha mchewere, pakhonde.

Ndiye kunabwera Sanusi, mnyamata wamanja ngati mitanda, wa munda woyera kuposa wa aliyense, kudzafunsira Sahiya, mwana wamkazi yekhayo wa a Lawali. Goro wofunsira mbeta analandiridwa. Sahiya anayamba kupsereza chakudya ndi kuseka yekha, ndiye aliyense anadziwa kuti nkhani yatha.

Tsono wofunsira mbeta kwathu amabweretsa gayya. Amasonkhanitsa anzake ndi oimba ng'oma, n'kudzakonzera apongozi ake munda tsiku limodzi mvula isanagwe. Munda ukayera kwambiri, ndiye kuti chikondi n'chachikulu. Lachisanu potuluka mumzikiti a Lawali anamva kuti gayya ya Sanusi ibwera Lachiwiri, anyamata makumi anayi, nkhwangwa zanoledwa kale.

Kukana gayya ndi kukana mkamwini pamaso pa mudzi wonse, ndipo Sahiya sakanawakhululukira. Kumuuza Sanusi pamaso kuti asiye mitengo sizikanathekanso. Mkamwini ndi apongozi sayang'anana, salankhulana, ndipo akakumana panjira wina amapatukira kutchire ngakhale kuli minga. A Rabi ndiye sakanayandikira n'komwe, Sahiya naye sakanatchula ngakhale dzina la mnyamatayo pamaso pa bambo ake. Panafunika mthenga.

Anapempha amuna atatu aulemu wawo. Onse anakana.

"Ndikauze anyamata makumi anayi kuti asese nyumba koma asiye zinyalala?" anatero mmodzi. "Malam Lawali, ine ndili ndi ana oti akwatire."

Anatsala a Shaibu. Anavomera msangamsanga.

"Iwe galu wopanda mchira, ndimvetsetse," anatero a Lawali. "Ukanene kuti udzu achotse, minga yogwa atenthe, koma chilichonse choimirira chimene ndinasadza asachikhudze. Ukawonjezera zako, ndikuika ndekha m'manda."

"Ndi msana umenewo? Ukumbe ndi chiyani, lilime?" anayankha a Shaibu. "Usadandaule mwini nkhalango, ndikanena."

Ndipo apa pali chisoni cha nkhaniyi, chifukwa a Shaibu anakanenadi. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo anapereka uthenga monga unalili, osachotsa, osathira mchere. Anyamata anagwa nazo pansi n'kuseka.

"Baba Shaibu, mwatiyesa ana?" anatero Sanusi. "Mukufuna ndisiye zitsamba m'munda mwa apongozi, mawa mukaimbe pamsika kuti Lawali wapeza mlesi mnzake?"

"Mwana wanga, lero lokha ndikunena zoona."

"Ngakhale tsiku la maliro aja munatero."

Anyamata aja anapita kukanolanso nkhwangwa. A Shaibu, poopa kuvomereza kuti mawu awo salemera ngakhale ngati nthenga, anakauza msuweni wawo kuti zonse zayenda bwino.

Lachiwiri m'mawa ng'oma zinayamba. Mwini munda sapita kumunda tsiku la gayya, amadikira kunyumba mpaka adzamuitane kukaona ulemu umene wapatsidwa. A Lawali anakhala pamkeka atavala mkanjo wawo wa Lachisanu, a Rabi ndi Sahiya akusinja mchewere wa fura ya anyamata. Mtima unali m'malo ndithu. Kenaka anaona a Shaibu akubwera chothamanga, chinthu chimene palibe anali atachionapo.

"Lawali, akudula. Ayambira kum'mawa."

"Lero ndilibe nthawi ya masewera ako."

"Sanandikhulupirire. Akudula, ndikukuuza."

"Eya, ndipo ine ndamwalira kachiwiri. Khala pansi umwe fura."

A Shaibu anavula chipewa n'kuchiika pansi pamapazi pa msuweni wawo. Mutu wawo wadazi unali thukuta lokhalokha. Paja wamisala anaona nkhondo. A Lawali anatchera khutu, ndipo pansi pa kulira kwa ng'oma anamva kugogoda kumene sikuchokera ku khasu.

"Maigida, simungapiteko," anatero a Rabi. "Anthu adzati chiyani?"

"Mbewa ya manyazi inafera kuuna," anatero a Lawali, akumasula bulu.

Bulu wawo anali wokalamba, wa khutu limodzi logwa, wosadziwa changu. Tsiku limenelo anayesetsa. Atafika, mzere wonse wa kum'mawa unali utagona pansi, zitsa zili mbuu, anyamata akuimba nyimbo yotamanda a Lawali. Zinawawawa ngati aona ana awo atagonekedwa pamzere. Anafuna kulira, anafunanso kumenya munthu, koma munthu woti amumenyeyo anali atadzuka m'mamawa kudzawalemekeza.

Sanusi anali atakweza nkhwangwa pamsangu wina. Ataona apongozi ake, nkhwangwa inagwa yokha, iye n'kutembenuka kupereka msana. A Lawali anatsika pabulu, nawonso n'kutembenuka. Ng'oma zinaleka. Anthu makumi anayi anayang'ana pansi, amuna awiri ataima chofulatirana pakati pa munda, bulu ali pakati pawo.

A Lawali anagwira khutu logwa lija n'kuliimika.

"Bulu iwe," anatero mokweza kuti ndi a kumapeto amve, "ndiwe nyama yopanda nzeru, koma ukudziwa kuti kale ndinkafesa katatu. Ukudziwa chimene chinaletsa mphepo. Mitengo iyi sinamere chifukwa cha ulesi wanga wokha. Ndaidulira ndi manja anga zaka zisanu. Ukakumana ndi mnyamata wina wabwino, wamphamvu, amene ndamupatsa mwana wanga ndi mtima wonse, umuuze kuti munda wayera mokwanira."

Wina anayamba kuseka, mnzake n'kumugunda ndi chigongono.

Sanusi anakhosomola. Osatembenuka, anatambasula dzanja chammbuyo mpaka linakhudza mchira.

"Bulu," anatero, "kawauze Baba kuti uthenga unafika, koma unabwera ndi munthu wolakwika. Ndachimwa. Uwafunse ngati zimene ndadulazi zafa."

"Umuuze kuti chitsa sichifa ndi nkhwangwa imodzi. Zafa ndi zaka zisanu zokha."

"Uwauze kuti zaka zimenezo ndibweza ine."

"Bulu uyu wanena zoona zambiri lero kuposa ine moyo wanga wonse," anatero a Shaibu, amene anali atangofika wefuwefu, "ndipo amukhulupirira msanga."

Gayya inamaliza ntchito yake mozemba mitengo yotsala, woimba ng'oma akuvutika kupeza mawu otamandira munda wa zitsamba. Ukwati unachitika. Mvula itagwa, mphepo inalowera pampata wa kum'mawa n'kukwirira mbande za mbali imeneyo. A Lawali atapita ndi mbewu kuti akafesenso, anapeza Sanusi wafesa kale, ndipo wagwada pachitsa china akuyang'ana mphukira zatsopano ngati munthu wofuna kuwerenga kalata ya m'chilankhulo chachilendo.

Kuyambira tsiku limenelo bulu analowa ntchito. Chilimwe chilichonse ankamumangirira pakati pa munda, apongozi mbali iyi, mkamwini mbali iyo, onse atafulatira. Kudzera mwa bulu Sanusi anaphunzira kusankha mphukira, kudula mokweza mpeni kuti khungwa lisang'ambike, ndi kuzindikira msangu ukadali kamwana. Kudzera mwa bulu a Lawali anamva kuti Sahiya ndi woyembekezera, ndipo kudzera mwa bulu yemweyo anadandaula kuti dzina la mdzukuluyo silinawasangalatse. Anthu odutsa anazolowera. Ena ankaima kumvetsera, n'kupita kwawo osanena kanthu, ndipo chaka chotsatira m'minda mwawo munkapezeka tizitsamba timene ankati anangoiwala kudula.

Mzere wa kum'mawa unabwerera pa msinkhu wake chaka chachisanu. Chaka chachisanu ndi chimodzi bulu anafa ndi ukalamba. A Lawali analira poyera, moti a Shaibu anafunsa ngati akalengeze ku Tessaoua. Koma sizinali zoseketsa. Sabata yathunthu amuna awiri aja anagwira ntchito m'munda umodzi osatha kuuzana ngakhale za nyengo, ndipo a Lawali anazindikira kuti munthu amene ankacheza naye kwambiri padziko lapansi anali asanamuyang'anepo m'maso.

Tsiku lachisanu ndi chitatu a Lawali anapeza kabulu kakang'ono, kamiyendo yowonda, katamangiriridwa pamsangu wa kum'mawa. Chapoteropo panaima Sanusi, atapereka msana, mpeni uli m'manja.

"Bulu watsopano iwe," anatero Sanusi, "ntchito yako siyolemetsa. Kawafunse Baba ngati pachitsa ichi ndisiye ziwiri kapena zitatu."

A Lawali anasisita kabuluko pamphumi nthawi yaitali asanayankhe.

"Kamuuze mwana wangayo kuti aleke kufunsa. Asiye zimene maso ake asankha. Wodzakhala pamthunzi wake ndi iyeyo."

Patapita kanthawi a Lawali anamva mpeni wa Sanusi ukudula kumbuyo kwawo, ndipo sanatembenuke kuti aone zimene wasiya.