Ndinkabaya Zala ku Thuchila

Ntchito yanga yoyamba ya malipiro ndinaipeza chifukwa cha pakamwa. Makolo anga anawoloka kuchokera kwa Apwitikizi ine ndili wamng'ono, ndipo ndinakulira pa esiteti ina kufupi ndi mtsinje wa Thuchila, kumene tinkagwira thangata kuti tikhale pa malo a mzungu. Kunyumba tinkalankhula Chilomwe, kumunda Chinyanja, ndipo Chiyao ndinachitolera kwa akapitawo. Nthawi imene ndikunenayi nkhondo ya Jeremani inali isanayambe. Ndinali nditakwatira Namalowa, ndikukhala chikamwini kwawo, tili ndi mwana wamkazi woyamwa dzina lake Malita.

Mwini esiteti anaitanitsa dotolo wachizungu chifukwa antchito ankagwa ndi malungo nthawi yopalira. Dotoloyo ankadziwa Chinyanja cha m'buku, koma anthu ambiri a m'midzi ya pa esitetipo anali atangowoloka kumene ndipo ankamva Chilomwe chokha. Tsiku lina kapitawo wathu, Che Saidi, anandichotsa pamzere ndili ndi khasu m'manja.

"Iwe umamva zilankhulo zonse za pano," anatero. "Siya khasulo, kasambe m'manja, ukaonekere kwa Bwana Dotolo."

Ndinkayesa kuti ndizikangomasulira mawu. Koma dotolo ataona kuti manja anga sanjenjemera, anandiphunzitsa kutenga magazi. Zida zake zinali zochepa: singano, kanyale ka sipiriti, thonje, ndi timagalasi tating'ono totalika ngati chala. Singano ndinkaiwotcha pa kanyale mpaka ifiire, n'kuisiya izizire. Chala cha munthu ndinkachipukuta ndi thonje lonyowa ndi sipiriti, n'kubaya cham'mbali mwa nsonga, osati pakati pomwe pamapweteka. Dontho loyamba ndinkalipukuta. Lachiwiri ndinkaligwetsera pa galasi, n'kulikoka ndi m'mphepete mwa galasi lina kuti lifalikire mopyapyala. Ndikatero ndinkavundikira ndi mbale kuti ntchentche zisatere. Likauma, dotolo ankathirapo mankhwala a mtundu wa bii, kutsukuluza ndi madzi a mvula, n'kuliika pansi pa chipangizo chamkuwa chokhala ndi diso lagalasi chimene ankachitcha maikulosikopu.

Tsiku lina anandilola kusuzumiramo. Ndinaona timabwalo tambirimbiri totuwa, ndipo mkati mwa tina munali kamphete kakang'ono.

"Ameneyo ndiye malungo," anatero dotolo. "Amadya magazi a munthu ali moyo. Kwinini amamupha."

Ndinakhulupirira chifukwa ndinaona ndi maso anga. Vuto linali lakuti pa esiteti yonse munthu wakuda amene anaona kamphete kameneko ndinali ndekha.

Mudzi woyamba umene tinapitako unali wa kwa mkazi wanga. Tinayala zida pa mphasa pakati pa bwalo, ine n'kufotokoza m'Chilomwe zonse zimene dotolo ananena. Anthu anangoima patali, ana atawabisa kumbuyo. Dzuwa linakwera popanda wosendera. Kenaka Namalowa anamasula mwana kumsana, n'kumupereka kwa amayi ake, n'kudzagwada pa mphasa.

"Bayani ine, bambo a Malita," anatero. "Aone kuti munthu safa nazo."

Ndinamubaya. Anayamwa chala chake uku akuseka, n'kuchikweza m'mwamba kuti anzake aone. Atatero akazi anayamba kubwera, amuna pambuyo. Madzulo ake anandiseka kuti nkhope yanga inali yamantha kuposa yake.

Mvula itakhazikika, mawu anayamba kuyenda. Anthu ankaona zinthu zenizeni, kungoti palibe ankawauza tanthauzo lake. Ankaona ine ndikuwiritsa magalasi akale ndi soda kuseri kwa nyumba ya dotolo, n'kutaya madzi ofiirira m'dzenje. Ankaona magalasi ena akuikidwa m'kabokosi kamatabwa, kukhomedwa misomali, n'kupatsidwa kwa mtengatenga wopita ku Zomba. Wophika wa mwini esiteti anauza anzake kuti azungu awiriwo akamadya amamwa chinthu chofiira cha m'botolo. Chinali vinyo, koma wophikayo sanali kunama kuti chinali chofiira.

Akuluakulu amene anawoloka ndi makolo athu anali ndi nkhani yawo yakale. Ankati anthu amene ankamangidwa magoli kupita nawo ku Kilimane sankapita kukalima. Amati akafika m'zombo ankawakha magazi, ndipo magaziwo ndi amene ankasanduka vinyo wa Apwitikizi ndi utoto wa nsalu zofiira zimene amalonda ankabwera nazo. Palibe amene anabwerako kuti adzatsutse. Za mfiti tonse tinkazidziwa, koma mfiti imadikira munthu afe. Awa ankati amamutenga akuyenda, pang'onopang'ono, mpaka atuwe. Dzina lakuti anamapopa ndinadzalimva pambuyo pake ndili wamkulu. Masiku amenewo ankangoti "a magazi aja", akutanthauza dotolo ndi ine.

Che Saidi anandichenjeza pa njira ya kumunda. "Mwana wanga, usamataye madzi aja anthu akuona. Akuti dontho ndi chizindikiro chabe, zenizeni mumadzatenga munthu ali m'tulo." Ndinauza dotolo. Anaseka, n'kunena kuti mphekesera zimatha zokha anthu akayamba kuchira.

Ena ankachiradi. Koma malungo chaka chimenecho anali aukali, ndipo munthu wa malungo aakulu amayera m'manja ndi m'zikope. Aliyense womwalira, abale ake ankamutembenuza dzanja n'kuona kuyera kuja, kenaka n'kufunsana ngati anabayidwapo. Pafupifupi onse anali atabayidwa, chifukwa tinali titayenda midzi yonse.

Namalowa anadwala ine ndili ndi dotolo ku midzi ya m'munsi mwa phiri, kumene tinagonako masiku angapo. Uthenga unandipeza m'mawa tikubwerera. Ndinapempha kwinini, dotolo n'kundisungunulira m'kabotolo, n'kundiuza muyeso wake. Ndinathamanga.

Kunyumba kwathu ndinapeza chitseko chomangidwa ndi luzi. Mkazi wanga anali atamusamutsira m'nyumba ya atsibweni ake, a Mukhuna, amene anali mwini mbumba. Ndinawapeza atakhala pakhomo penipeni, miyendo atatambasula, moti munthu sakanalowa popanda kuwalumpha. Anali munthu wofatsa, ndipo ndi amene anandipatsa munda pamene ndinkakwatira. Ndinakhala pansi pafupi ndi nkhokwe, n'kuwomba m'manja.

"Apongozi, ndamva kuti mayi a Malita sali bwino. Ndabwera ndi mankhwala."

"Tamva, akamwini. Khalani pomwepo."

"Ndi malungo. Ndikuwadziwa. Akamwa awa lero, kutentha kutsika."

"Malungo ife timawadziwa kuyambira kwathu," anayankha. "Mwana uyu m'manja mwake mwayera ngati ufa. Ndipo m'mudzi muno amene anayamba kupereka chala ndi iyeyu."

Ndinafotokoza za kamphete kaja, kuti ndi kamene kamadya magazi. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza. Kenaka anafunsa kumene kabokosi kamisomali kamapita. Ndinati ku Zomba. Anafunsa kuti kumeneko amakatani nako. Ndinati madotolo ena amakaonanso. Anafunsa ngati ndinapitako n'kuona. Ndinati ayi.

"Ndiye simukudziwa," anatero.

 Ndinatsegula kabotolo n'kumwa pang'ono iwo akuona, kuwawa kwake kunandigwetsa misozi. A Mukhuna anapukusa mutu.

"Inu sangakupheni. Ndinu wawo."

M'nyumbamo ndinamva Namalowa akubuula, kenaka anaitana, "Bambo a Malita." Ndinaimirira. Alamu anga awiri amene anali pambali pa nyumba anaimiriranso. Sanatenge ndodo, anangoima. Ndikanalimbana nawo, kabotolo kakanasweka, ndipo ndikanathamangitsidwa pamudzi mkazi wanga akumva. Ndinakhalanso pansi.

Dzuwa lili pamutu ndinabwerera kwa dotolo. Anavala chipewa nthawi yomweyo.

"Tipite ndi alonda a esiteti," anatero. "Timutenga pa machila, afune asafune."

Ndinaganiza za mzungu akulowa m'mudzi ndi alonda, kunyamula mkazi wodwala abale ake akulira. Zikanakhala ndendende zimene akuluakulu aja ankasimba. Anthu akanathawa naye kuphiri tisanafike, kumvula, kapena pakanafa munthu pabwalo. Ndinamupempha kuti asapite. Anavula chipewa.

"Ndi mkazi wako. Ukufuna ndichite chiyani?"

 Kwathu kuno mkazi ndi wako pa zina, koma pa matenda ndi pa maliro ndi wa abale ake. Sindinapeze mawu a Chinyanja cha m'buku oti amve zimenezo.

Nditabwerera kumudzi ndinapeza a Mukhuna ali pomwe paja. Ndinayesa njira ina. Ndinapempha kuti ine ndisalowe, koma kabotolo kalowe, amayi ake ndiwo amumwetse. Apongozi anga aakazi anatuluka, n'kuima cham'mbali nkhope atayang'ana kwina monga mwa mwambo. Ndinaona kuti akufuna. Anatambasula dzanja pang'ono, n'kuyang'ana mlongo wawo. A Mukhuna anati ayi, ndipo dzanja lija linabwerera m'nsalu.

Pamenepo anandiuza chinthu chimene anali asanandiuzepo. Ali mnyamata, kwawo kutsidya, kunabwera alendo ndi nsalu ndi mchere, n'kupempha anyamata oti awanyamulire katundu mpaka kumtsinje basi. Mkulu wawo wa a Mukhuna, wobadwa naye bere limodzi, anapita nawo. Sanabwerenso.

"Nawonso anali ndi munthu wakuda wowamasulira," anatero. "Ankalankhula Chilomwe chabwino ngati chanu. Mwina nayenso ankakhulupirira zimene ankanena. Sindikudana nanu, akamwini. Koma mkulu wanga anapita, mwana wa mlongo wanga sindimuperekanso."

Ndinakhala pafupi ndi nkhokwe ija masana onse, kabotolo kali m'manja. Mvula inawaza n'kusiya. Nkhuku zinabwera kudzatola pafupi ndi mapazi anga. Malita ankalira kunyumba ina ndipo mkazi wina ankayesa kumuyamwitsa. Namalowa anandiitananso kamodzi, ndipo ndinayankha mokweza kuti ndili pompano. Sindikudziwa ngati anamva. Pambuyo pake ankangolankhula zosamveka, za kumunda ndi za mtsuko umene anausiya kudambo. Dzuwa litapendeka, m'nyumbamo munakhala zii, kenaka amayi ake anayamba kulira.

A Mukhuna anapinda miyendo yawo n'kuchoka pakhomo. Njira inali yotseguka, koma akazi anali atadzaza kale, ndipo sanandilole kuona nkhope yake. Kumanda ndinaima kumbuyo ngati mlendo. Maliro atatha anandisudzula mwaulemu, n'kundipatsa mphasa yanga ndi nkhwangwa. Malita anatsala, chifukwa mwana ndi wa kuchikazi. Anakulira komweko, ndipo pamene ankakwatiwa ndinangomva kwa anthu.

Mpaka lero sindinganene motsimikiza kuti kwinini uja akanamupulumutsa. Ndinaona ena atamwa n'kudzuka, ena atamwa n'kupita. Dotolo anachoka mvula itatha, ntchito yake itaima chifukwa midzi inkakhala yopanda anthu tikamafika. Ine ndinalibe kobwerera. Ndinapitiriza ntchito yotsuka zilonda ndi kutenga magazi m'zipatala zazing'ono za m'maesiteti mpaka tsitsi linachita imvi.

Chimene ndinatenga pa tsiku limenelo n'chakuti sindinabayenso munthu ndisanakhale pansi ndi eni ake. Ndinkayamba ndi atsibweni, kenaka amayi, wodwala pomalizira. Ndinkawasonyeza galasi lisanagwire magazi, kuwalola asuzumire m'chipangizo ngati chilipo, n'kutsuka galasilo iwo akuona. Akandifunsa chinthu chimene sindikudziwa, ndinkavomera kuti sindikudziwa. Akakana, ndinkalongedza zida zanga osawanyoza, chifukwa anthu amene analandidwapo abale sachita mantha popanda chifukwa. Njira imeneyi inanditsegulira makomo ena. Ena sanatseguke, ndipo nkhani ija sinafe.

Ndili wokalamba, ndinakhala pa msika wa Chinakanaka kudikira kuti mvula ikate. Pafupi nane mnyamata wogulitsa fodya ankasimbira anzake za anamapopa. Anati zinayambira ku Thuchila kalekale. Anati kunali mzungu wa diso lamkuwa, ndi munthu wakuda amene ankamuyendera m'midzi ndi mpope wa mphira, ndipo munthuyo anali woipa mtima moti anayamba ndi mkazi wake yemwe. Mpope sitinakhalepo nawo. Anzake anafunsa kuti munthuyo anathera kuti. Mnyamatayo anati anthu amati sanafe, amayendabe.

Ananditembenukira n'kufunsa, "Kapena ndikunama, agogo? Inu munalipo kale."

Ndinamuuza kuti mkaziyo dzina lake anali Namalowa, ndipo chala anapereka yekha, akuseka. Anandiyang'ana pang'ono, n'kupitiriza nkhani yake pomwe anaisiyira. Mvula itakata ndinanyamuka.