Masuku atsala kumanda kokha

Achemwali, lero pochokera kothyola tiyi ndadzera njira ya kumanda, fungo la masuku akupsa n'kundiimitsa. Ndakumbuka tsiku lija tinakwera kaphiri ka kuseri kwa malaini a nyumba za antchito, inu n'kudzaza chitenje ndi masuku, nthudza ndi bowa, uku mukundikalipira kuti ndikungodya osatola.

Kaphiri kaja anakalima, Achemwali. Kumunsi ndi tiyi, kumtunda bulugamu, pansi pake ngakhale chisoso sichimera. Maso atopa n'kuona masamba amodzimodzi, msana ndiye musanene. Mitengo yathu ija yangotsala kumene mwagonako, poti nkhwangwa imaopa manda. Masuku angoti mbwee pamtumbira panu, koma zakumanda sitidya. Ndaima pamsewu, dengu lili kumsana, kumangomeza malovu. Idyani nokha, Achemwali. Lero palibe wokulandani.