Mzere wa Apongozi

Anadzanditenga Lachitatu m'mawa, ndili m'kalasi pa sukulu ina ya ku Lobi, choko chili m'manja. Anali apolisi awiri. Wamkuluyo anati, "Aphunzitsi, tiyeni mukangoyankha mafunso pang'ono. Mubwera ana asanaweruke." Ndinasiya jekete pampando. Mwezi wa Juni, ku Dedza! Kupusa kumeneko ndinakumva m'mafupa.

Mlandu wanga unali wa Loweruka lapitalo, tsiku losankha khansala wa dera lathu. Masiku amenewo tinkaima pamzere kumbuyo kwa munthu amene tamufuna, akuluakulu n'kumawerenga mitu. Opikisana anali awiri: atcheyamani a chipani, amene aliyense ankadziwa kuti ndiwo ofunika kumtunda, ndi mlimi wina wa nyemba amene anangomuika kuti mizere ikhale iwiri.

Ine ndinalowa mzere wa atcheyamani monga aliyense. Pokweza maso, ogo! Amene aima patsogolo panga ndi apongozi anga, mayi a mkazi wanga. Zaka zisanu ndi chimodzi ndili mkamwini pamudzi pawo sindinaimepo nawo pafupi; tikakumana panjira, wina ankapatukira kutchire. Manyazi anandigwira. Ndinachoka mwakachetechete, ndipo poti pabwalopo panalibe pena poima, ndinakaima pamzere winawo. Anthu ataona kuti aphunzitsi asamuka, anati pali chimene akudziwa, n'kuyamba kunditsatira mmodzimmodzi. Mlimi uja anapambana, iye mwini ali ndi mantha.

Kupolisi anandifunsa masiku asanu ndi anayi, funso lake limodzi lomwelo: "Anakutuma ndani kuti uchoke pamzere?" Tsiku lachitatu ndinati palibe anandituma, ndinkangopewa munthu wina chifukwa cha manyazi. Wofunsayo anatola cholembera. "Eya, tsopano walankhula. Munthuyo ndani? Tikamutenge adzafotokoze yekha." M'mutu mwanga ndinaona galimoto yawo itaima pakhomo pa mayi wokalamba, wodwala chifuwa, ndipo ndinatseka pakamwa. Zimene anandichita pambuyo pake sindizilemba. Khutu lakumanzere silimva mpaka lero.

Kukhoti sanapite nane. M'ndende ndinakhala zaka zitatu ndi miyezi isanu. Tinkagona mothithikana, wina akafuna kutembenuka tinkatembenuka tonse. Kamodzi pachaka kunkabwera bwana wa tayi, pepala lili m'manja. "Dzina lokha basi, aphunzitsi. Kodi akazi anu simuwasowa?" Ndinkawasowa, ndipo bwanayo akachoka ndinkalira, sindibisa. Masiku ena ndinkawakwiyira apongoziwo ngati anachitira dala kuima pamenepo. Mkwiyo ukatha ndinkachita nawo manyazi maganizo omwewo.

Ananditulutsa Lachisanu, mvula yoyamba itangogwa. Woyang'anira ndende anati, "Mwakhululukidwa. Zimene mwaona kuno muzisiye pageti." Chimene anandikhululukira sanatchule, inenso sindinafunse.

Ndinafika kumudzi dzuwa likupendeka. Mkazi wanga anandipatsa madzi, tinapatsana moni ngati alendo, kenaka ndinafunsa kuti amayi ali bwanji.

"Anatisiya chaka chatha, nthawi yokolola," anatero akuyang'ana pansi.

"Ankadziwa chimene ndinamangidwira?"

"Ankadziwa. Kawiri konse anamanga nsalu kuti akadzipereke kupolisi, ine ndikuwagwira mwendo. Ankati, 'Mwana wa eni ake akuzunzika chifukwa chondilemekeza ine.' Mpaka tsiku lomaliza ankafunsa ngati mwabwera."

Anthu amandifunsa kuti ufulu unakoma bwanji. Ndinkaganiza kuti ndikatuluka ndidzawapeza apongozi ali amoyo, ndidzawatumizira mawu kudzera mwa mwana wawo akuti palibe mlandu, dzina lawo sindinalitchule. Ufulu umene ndinkauyembekeza unali womwewo, ndipo unachedwa.

M'mawa mwake amalume a mkazi wanga anandiperekeza kumanda. Anandilozera mtumbira wa apongozi anga n'kubwerera m'mbuyo. Ndinavula chipewa. Ndinaima pafupi, pafupi zedi, ndipo panalibe woti apatuke.