Mkazi Wankhondo wa M'kope Mwako

Tadala, lero nkhungu yatsika m'Phiri la Dedza mpaka mitengo ya paini sikuoneka, ndipo ndakumbuka tsiku lija unandiwerengera nkhani yako titakhala pa matabwa kuseri kwa nyumba. Zimene unaona ku usilikali sunkauza munthu, ngakhale ine mwamuna wako. Koma m'kope muja munali mkazi wankhondo wa dziko lopanda dzuwa, wa mkono wachitsulo, amene anawotcha mudzi wakwawo atalamulidwa, kenako n'kukondana ndi wokonza zombo za mumlengalenga. Ndinati, "Mwamunayo amupulumutse basi." Unatseka kope n'kundiyang'ana. "Ameneyu safuna mpulumutsi. Akufuna woti amve zonse koma asachoke."

Papita zaka ziwiri kuchokera pamene matenda anakutenga. Alongo ako akuti ndiwotche kopelo, ati muli zoopsa. Sindiwotcha. Ndikulitaipa tsamba ndi tsamba, osasintha ngakhale liwu lako limodzi. Unalekezera pomwe mkaziyo waima pakhomo la chombo, atangoulula zonse, akudikira yankho. Yankholo ndikulidziwa, Tadala, unandiphunzitsa wekha. Ndiwonjezera mzere umodzi wokha: mwamunayo sanachoke.