Kompyuta yati mbewa si ndiwo

Mwaswera bwanji nonse? Lero amalume andiseketsa mpaka misozi kusukulu kwathu kuno ku Madisi.

Paja laibulale akhala akuiyang'anira ndi iwo kuyambira matipate atangoyamba, buku lililonse ndi kakhadi kake m'bokosi. Ndiye lero kunabwera mayi wina wa ku Lilongwe ndi kompyuta yosanja mabuku. Ukangolemba dzina la buku, imakuuza shelefu yake.

Zonse zimayenda bwino mpaka anafika pa kabuku ka mbewa zakumunda. Kompyuta inati kapite ku tizilombo toononga mbewu, pamodzi ndi anankafumbwe.

Amalume anavula magalasi. "Mayi, makina anuwa anakulira kuti? Kapuku wonona uja, wofutsa bwino ndi kamchere, mukumuika ndi nankafumbwe?"

Mayi aja anati, "Bambo, m'makinamu zinabwera choncho."

"Ndiye tivote. Nanga matipate tinkawafuniranji?"

Anaitana aphunzitsi, ana a fomu folo ndi amayi akukhitchini. Manja ovomereza kuti mbewa ndi ndiwo anadzaza chipinda. Ngakhale dalaivala wa mayiwo anakweza, manja onse awiri. Mayiwo anaseka mpaka kugwira tebulo, kenako anasintha okha n'kulemba kuti zakudya.

Panopa kabukuko kali pakati pa buku la mtedza ndi la nyemba, ndipo amalume akuyenda ngati apambana uphungu.

Inu mukuti bwanji, kompyuta inalakwa kapena ayi? Achimwene a ku Blantyre, inu musayankhe. Pamaso pa alamu mumati mbewa simudya, koma mukafika pa Mponela mumatha mpani wonse musanatsike n'komwe minibasi.